Mawu a Bambo Anatsalira M'kompyuta

"Siya chingwecho, iwe."

"Sindisiya."

Makanika anali atakulunga chingwe cha chaja kudzanja mpaka zala zinatuwa. Mbali inayo bambo ake aang'ono, mng'ono wawo wa malemu bambo ake, anali atapanira kompyuta m'khwapa ngati nkhuku yogula pamsika. Panja galimoto yahayala inali itadzaza kale: bedi, firiji, mipando ya pabalaza, mpaka galasi la kubafa. M'nyumbamo munatsala mkeka wokha, ndipo pamkekapo panakhala mayi ake a Makanika, atatsamira khoma, manja atafungatira mimba, poti malemu anawasiya ndi pakati. Nkhata za pamanda zinali zisanafote n'komwe.

Mtsikanayo, Makanika, ananena kuti kompyutayo sakuikaniza. Aitenge, atengenso tebulo lake ngati akulifuna. Iye ankangopempha mpata pang'ono kuti athamangire kwa mnzake, akabwereke fulashi, kachipangizo kosamutsira zinthu, akoperemo foda imodzi yokha. Mufodayo munali mawu a bambo ake. Malemu anali dalaivala wa thiraki, ndipo akakhala paulendo sankalemba mauthenga, poti zala zawo zinali zonenepa, zikati zidine chilembo chimodzi zinkadina mzere wonse. Ankangojambula mawu n'kutumiza. Ankaimba, ankatukwana maenje a mumsewu, ankafunsa ngati denga la kukhitchini likudonthabe. Foni ya mayi inali yochepa malo, ndiye ikadzaza Makanika ankasamutsira mawuwo m'kompyuta n'kufufuta pafonipo. Foni ya malemu inaphwanyikira limodzi ndi mwini wake pangozi ija. Padziko lonse lapansi mawu a munthuyo anatsala malo amodzi, ndipo malowo anali m'khwapa mwa bambo aang'ono.

Bambo aang'onowo anaseka. Anati ana amasiku ano akuwadziwa, amaoneka ngati akulira pomwe akuwerenga. Anati mtsikanayu akufuna abise mapepala a nyumba ndi a kubanki, achibale atsale akuyasamula.

"Ine ndi achimwene tinayamwa bere limodzi," anatero. "Iwe wabwera liti?"

"Patsepatse n'kulanda, bambo."

"Alamu, mwamumva mwana wanuyu? Mwamuphunzitsa kutukwana akuluakulu ndi miyambi?"

Mayi sanadzutse maso. Anangoti, "Siya, mwanangu," ndi mawu a munthu amene walira mpaka mmero kuuma. Makanika anamasula chingwecho pang'onopang'ono. Dzina lakelo anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa kuyambira ali kamwana ankamasula chilichonse chokhala ndi zomangira, ndipo kompyuta yakaleyo anaiphunzira yekha, kuiononga ndi kuikonza, mpaka inayamba kumumvera. Tsopano anaiona ikutuluka pakhomo.

Atafika pakhonde bambo aang'ono anatembenuka n'kufunsa pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira makinawo.

"Kafunseni eni ake," anayankha Makanika. "Mukudziwa komwe mwawagoneka."

Galimoto itapita, mayi anamufunsa ngati pakamwa pakepo palibe chitseko. Makanika anawauza kuti asade nkhawa. Popanda pasiwedi kompyutayo ndi thabwa chabe, loyenera kudulirapo anyezi. Bambo aang'ono adinadina, atopa, abwera okha ataibereka, ndipo tsiku limenelo ndi iwo amene adzapemphe. Mayi anangopukusa mutu n'kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma iwe nkhonoyo waiponda.

Masiku anapita, munthu osabwera. Makanika ankati akamva njinga yaima panja ankathamangira pazenera. Pamapeto pake mtima unamukanika, anavala nsapato n'kupita yekha.

Shopu ya bambo aang'ono inali kumzere wa tizipinda tamalata pafupi ndi pokwerera basi, pakati pa wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo. Ntchito yawo inali kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'timakhadi ta anthu, n'chifukwa chake mzere wonsewo unkawatchula kuti a Mafilimu. Kompyuta yawo yakale inali itapsa, ndiye imfa ya mkulu wawo inawapeza ali pausiwa. Makanika anaona kompyuta ya kwawo ili pakauntala, yotsegula, ikugwira ntchito. Pasikirini, pomwe pankakhala chithunzi cha thiraki ya bambo ake, panali munthu wamagalasi akuda atanyamula mfuti.

A Mafilimu anamulandira ndi nsangala ya munthu amene wapambana mlandu. Anati anaipereka kwa mnyamata wokonza mafoni wa kuseri kwa mzerewo, ndipo mnyamatayo sanavutike n'komwe, anangoifomata, kuichapa yonse n'kuikamo zatsopano, tiyi asanazizire.

"Pasiwedi yako ija ukaphike udye," anatero. Wometa tsitsi, amene anali atasuzumira pakhomo lezala ili m'manja, anaseka mpaka kutsokomola.

Makanika anakhala pansi pasitepe. Kwa kanthawi sanamve ngakhale kulira kwa makina a wowotcherera. Kenako anadzambatuka. Anawauza a Mafilimu kuti azimitse kompyutayo pompano, asaikemonso kanthu. Anafotokoza mothamanga, mawu akupondana, kuti kufomata kwachangu sikufufuta zenizeni, kuti pali pulogalamu yofukula zinthu zofufutidwa, kuti iye ali nayo ndipo amaidziwa, kuti chofunika n'chakuti makinawo akhale osagwiritsidwa ntchito tsiku limodzi lathunthu. A Mafilimu analoza anthu amene anali pamzere mafoni ali m'manja, n'kumufunsa ngati anthuwo abwera kudzamva maliro. Makanika anati ndiye amulole atulutse hadi yokha, kachipangizo kosungira zinthu, aikemo ina. Iwo anati ndiye kuba kwake n'kumeneko, kutulutsa mtima wa chinthu n'kusiyira mwini chikopa. Pomwe ankalankhula choncho, dzanja lawo linali likukoka filimu ina kuchokera pachipangizo cha wogulitsa mafilimu kulowetsa m'kompyutamo.

Kunyumba kunabuka mkangano umene sunachitikepo chimwalirireni bambo. Mayi, amene masiku onsewa ankalankhula ngati akunong'oneza, anakweza mawu. Anati akanangomupatsa munthuyo pasiwediyo bwenzi zonse zilipo, bwenzi tsiku lina atapita mwaulemu n'kukakopera. Makanika anabweza kuti iwo akanaimirira tsiku lija m'malo momangoyang'ana mkeka, bwenzi bedi lomwe akugonapobe. Anati katundu akutuluka m'nyumba, mayi wamkulu ali phee ngati mlendo. Mawuwo atangotuluka, anafuna atawameza.

Mayi anatsitsa mawu.

"Bedi ndilibe nalo ntchito," anatero. "Ndikatseka maso, nkhope ya bambo ako ndikuiona. Koma mawu akundithawa. Dzulo ndimayesa kukumbukira momwe ankandiitanira akafika pageti, ndimangomva mawu anga omwe ndikuwayeserera. Ndiye uyu ali m'mimbayu akadzafunsa kuti bambo anga ankalankhula bwanji, ndidzamuyankha ndi chiyani? Iwe unawamva zaka zonsezi. Iyeyu sanamve kalikonse."

Makanika anakhala pamkekapo pafupi nawo. Mayi anamuuza kuti afotokoze bwinobwino, m'Chichewa cha anthu, ngati madzi atayikiratu kapena akadali oti n'kuwoleka. Iye anati hadi ili ngati mdadada wa nyumba zalendi. Kufomata kwa mnyamata uja kwangochotsa mayina pazitseko n'kulemba kuti zipinda zonse zilibe anthu, koma anthuwo akadali m'katimo. Amatuluka pokhapokha wina watsopano akalowetsedwa m'chipinda chawocho. Pulogalamu yofukula ija imayenda khomo ndi khomo, kugogoda, kuona amene atsala.

"Ndiye filimu iliyonse ikalowa," anatero mayi, "ikutulutsa bambo ako m'chipinda."

"Eya."

"Nanga zipindazo n'zambiri?"

"N'zambiri, koma mafilimu ndi aakulu."

M'mawa mwake mayi anasamba, anamanga mpango wawo wakuda, n'kuuza mwana wawo kuti atsogole. Anayenda pang'onopang'ono, kupuma pamthunzi uliwonse. Atafika pashopu sanadikire kuti anthu achoke. Anagwira m'mphepete mwa kauntala, anatsitsa bondo limodzi, kenako linalo, mimba ikuwalemera, mpaka anagwada pasimenti pamaso pa anyamata odikira nyimbo. Makina a wowotcherera anazima.

Anati abwera ngati mlamu, ngati mayi wa ana a mkulu wawo. Za bedi ndi firiji sadzazitchulanso kwa munthu aliyense. Akungopempha tsiku limodzi. Anawakumbutsa kuti mawu ali m'makinamo ndi a munthu amene anawabereka kumsana iwowo ali khanda, ndipo chibale ndi fupa, sichiwola.

A Mafilimu anachita manyazi, koma manyazi a munthu wotere sakhalitsa, amasanduka ulaliki. Anawadzutsa alamu awo ndi manja awiri, anawapatsa mpando, n'kulankhula mokweza kuti mzere wonse umve. Anati iwo si nyama. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mkulu wako. Tsiku limodzi n'chiyani? Lamulungu likubwerali aitenge. Koma pali ziwiri. Choyamba, mwana wamwanoyu apepese. Chachiwiri, timakhadi ta makasitomala tikubwera ndi mavairasi, kompyutayo yayamba kale kumangoima ndi kudzizimitsa yokha, ndiye popeza mtsikanayu akuti ndi makanika, azibwera kudzaisamalira ndi kuwathandiza pakauntala.

Makanika anayang'ana mayi ake. Mawondo a mayi anali ndi fumbi la simenti. Anagwada pomwepo, n'kunena kuti analakwa, amukhululukire. Wometa tsitsi anati wakhala pamzerewo nthawi yaitali koma kambuku wogwada anali asanamuonepo.

Umu ndi momwe Makanika anayambira kugwira ntchito pa kompyuta ya bambo ake ngati wantchito. Anaikamo pulogalamu yosaka mavairasi, ndipo kakhadi kalikonse kasanatsegulidwe ankayamba wakapima. Anazimitsa timapulogalamu tosafunika timene tinkadzuka tokha makinawo akayatsidwa. Anamasula kuseri n'kupukuta fumbi pa kafani mpaka kanasiya kulira ngati njuchi. Pulogalamu yosanja hadi, imene imasuntha zinthu payokha, anaitseka kuti isapondereze zotsalazo. Kompyutayo inachira, inayamba kuthamanga. Ndipo apa ndi pomwe panali powawa: akaisamala bwino, inkameza mafilimu mwachangu. A Mafilimu ankamutamanda kwa makasitomala kuti mwana wa achimwene ali ndi mutu, kenako n'kumupatsa chipangizo cha wogulitsa kuti akopere zatsopano. Zankhondo, zachikondi, zamasewero a nkhonya, zigawo ndi zigawo za nkhani zosatha. Ankakoka ndi dzanja lake lomwe, n'kuyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda, akudziwa chimene kakuponda.

Pasikirini panali kamzere kena koonetsa kudzaza kwa hadi. Tsiku loyamba kanali kakafupi. M'mawa uliwonse asanachite china chilichonse ankakayang'ana, monga munthu wokhala m'mphepete mwa mtsinje amayang'anira madzi nthawi ya mvula.

Anayesa nzeru zake. Ankafufuta mafilimu akale amene anthu sankawafuna, poganiza kuti atsopano akalowa m'zipinda zomwezo. Koma kompyuta imaika katundu pomwe yafuna, siifunsa munthu.

Lamulungu linafika. Makanika analawirira ndi fulashi yobwereka kwa mnzake, pulogalamu yofukula ili momwemo. Anapeza anthu ali kale pakhomo, ochokera kopemphera, ofuna nyimbo zauzimu. A Mafilimu anati waona yekha, Lamulungu ndiye tsiku lamalonda, anaiwala. Adikire linalo. Linalo litafika, kunali mpira waukulu ndipo anyamata ankafuna zigoli m'mafoni. A Mafilimu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, akufa sathamangira kulikonse. Madzulo aliwonse ankatsekera kompyutayo m'kabati yachitsulo, kiyi n'kuika m'thumba la mkati.

Tsiku lina masana, iwo atapita kukadya, Makanika analowetsa fulashi n'kuyambitsa pulogalamuyo mobisa. Inayamba kugogoda zitseko. Patapita kanthawi mayina anayamba kutuluka, ndipo anaona dzina la foda ija, limene analemba yekha. Koma pulogalamu yotere imalemetsa makina, ndipo a Mafilimu atabwera anapeza mzere wautali, nyimbo imodzi ikutenga nthawi ya filimu. Anasuzumira pasikirini, anaona zachilendo, anangosolola fulashiyo ngati akuzula udzu. Anati anagwirizana za Lamulungu, osati zoba nthawi ya bizinesi. Anati akabwerezanso, akumbukire kuti nyumba akugonamoyo ndi ya banja la malemu, ndipo iwo akungowasungamo chifukwa cha chifundo.

Makanika anafika kunyumba. Anauza mayi ake kuti mawa ainyamula kompyutayo n'kuthawa nayo, zikhale momwe zingakhalire. Anati akapita kupolisi, kubwalo la milandu, kulikonse, poti palibe lamulo lolola munthu kulanda za ana amasiye. Mayi anati zimenezo n'zoona, ndipo iwonso akuzidziwa, koma mlandu umayenda ngati nkhono, pomwe munthu wokwiya amatulutsa katundu panja tsiku lomwelo. Anamufunsa ngati akufuna iwo akachirire pansi pa mtengo. Makanika anati ndiye basi, azingogwada mpaka mawondo atathe? Mayi anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, apirire, Lamulungu lina lifika. Analankhula akusita timalaya takhanda timene mnansi anawapatsa, ndipo sanamuyang'ane kumaso.

Anthu amati imfa ndi yankhanza. Imfa imatenga munthu mmodzi n'kupita. Amene amabwerera kudzatenga zotsala, tsiku ndi tsiku, akumwetulira, ndi achibale.

Kamzere kaja kanadutsa pakati, kanapitirira. Makanika anasiya kufunsa za Lamulungu. Ankafika, kupima timakhadi, kukopera, kubwerera kwawo. Wometa tsitsi anasiya kumuseka, ndipo tsiku lina anamubweretsera madzi ozizira.

Kenako m'mawa wina wapakati pa sabata kamzereko kanasanduka kofiira. Wogulitsa anali atabwera ndi nkhani yatsopano yazigawo zambiri, ndipo kompyuta inakana, inati malo atha. A Mafilimu anayesanso, inakananso. Anakanda m'mutu. Kenako nkhope yawo inawala ngati munthu amene wakumbukira chabwino.

"Makanika, lero ndi tsiku lako," anatero. "Yadzaza, sindingaikemonso kanthu. Tenga tsiku lonse upange zako zija. Ukamaliza undichotsere zosafunika. Waona? Ine ndikalonjeza ndimakwaniritsa."

Makanika anaima chilili. Anawafunsa ngati akumvetsa tanthauzo la kudzazako. Iwo anati akumvetsa, ndiye chifukwa chake akumupatsa.

"Mwandipatsa nyumba mutatulutsamo anthu onse," anatero Makanika. Sanakuwe. Mawu ake anali otsika moti wometa tsitsi anachita kuyandikira. "Mayi anga anagwada apa ndi mimba. Ine ndinagwada apa. Tinapempha tsiku limodzi. Amene anaika achimwene anu m'manda ndi anthu ambiri, koma kachiwirika mwawaika nokha, ndi mafilimu a nkhonya. Ndipo mwandigwiritsa fosholo ineyo."

A Mafilimu anati alamu awo ali ndi ntchito yaikulu ndi mwana ameneyu, munthu ukamuchitira zabwino akubweza mwano. Anatenga mpando n'kukakhala panja.

Ngakhale ankadziwa, Makanika analowetsa fulashi. Pulogalamu inayamba kuyenda. Dzuwa linakwera, malata anayamba kutentha, makasitomala ankabwera n'kubwezedwa. Iye anakhala pamenepo osadya, akuyang'ana manambala akusintha. Chakumasana pulogalamuyo inamaliza. Mayina ambiri anabwera ndithu, poti mayina safa msanga, koma pambali pa lililonse panali kadontho kofiira, kusonyeza kuti m'chipindamo mwalowa wina. Anakoperabe zonse pafulashi. Anayamba kutsegula chimodzichimodzi.

Choyamba chinakana kutseguka. Chachiwiri chinangolira ngati mvula padenga lamalata. Panatuluka chithunzi china: kumwamba kwake kunali mitambo ndi denga la thiraki, koma pomwe panayenera kukhala munthu panali potuwa ngati khoma losapaka utoto. Anapitiriza. Mvula padenga. Kukana. Mvula padenga. Zala zake zinachita dzanzi.

Pafupi ndi kumapeto panali kamodzi kokhala ndi kadontho kachikasu. Anakadina. Zokuzira mawu za shopuyo zinali zolumikizidwa, zija amaitanira nazo makasitomala, ndipo iye anaiwala kuzitsitsa.

Kunamveka injini ikulira chapansipansi, mphepo, kenako munthu akutsokomola pang'ono. Mawu aakulu, okhuthala, oseka m'kati, anadzaza mzere wonse wa tizipinda tija.

"Tadikirani kaye, achimwene, ndilankhule ndi akunyumba."

Kenako mvula padenga.

Malemu anali atadina kojambulira asanamalize kulankhula ndi munthu wina pamalo ena omwetsera mafuta. Uthenga weniweniwo, umene unali wa akunyumbawo, unali utapita.

Panja a Mafilimu anali ataimirira, mpando utagwa kumbuyo kwawo. Anayang'ana mumsewu, uku ndi uku, ngati munthu amene waitanidwa. Kenako analowa m'shopu. Makanika anawayang'ana, akudikira, ndipo kwa kamphindi anakhulupirira kuti munthuyu anena chinthu. Koma iwo anayang'ana anyamata awiri amene anaima pakhomo ndi mafoni.

"Tsitsa zimenezo," anatero. "Ukuopseza makasitomala."

Makanika anasolola fulashi. A Mafilimu anamukumbutsa kuti sanachotse zosafunika zija. Iye anatuluka, ndipo wometa tsitsi anamupatukira njira.

Anadzera kwa mnzake uja, mwini fulashi. Pakompyuta ya mnzakeyo anadula phokoso lakumapeto lija, n'kusiya injini, chifuwa ndi mawuwo. Anaika pafoni ya mayi ake, imene anaitenga m'mawa. Kauthengako kanali kakafupi moti munthu akanatha kukamvera konse asanameze malovu.

Anapeza mayi atakhala pakhonde, mapazi otupa ali m'beseni la madzi. Dzuwa linali likadalipo. Mayi anamuyang'ana kumaso n'kudziwa. Sanafunse zambiri, anangoti, "Palibe?"

"Kalipo kamodzi. Koma si ka ife kwenikweni."

Mayi anapukuta manja pansalu, analandira foniyo ndi manja awiri. Makanika anawadinira. Injini, mphepo, chifuwa.

"Tadikirani kaye, achimwene, ndilankhule ndi akunyumba."

Foni inakhala chete. Mayi sanaichotse kukhutu. Anaweramira kutsogolo pang'ono, monga ankachitira kale uthenga ukamabwera kuchokera kutali, maso atatseka, akudikira.

"Lankhulani, bambo," anatero. "Tikumva."